Chaka chimene tinamanga mlatho ndi mapiki a kumanda

Tsiku limene lole ya chimanga inawoloka pamlatho wathu ku Machinjiri anthu analipo ambiri, koma amene ndikufuna muwadziwe ndi awa. Analipo a Mkandawire, mkulu wa ku Rumphi amene ankagwira ukalaliki mu ofesi ya boma m'tauni, munthu yekhayo m'dera lathu amene dzanja lake linkagwira foni tsiku ndi tsiku. Analipo a Makwinja, owotcherera zitsulo ku Makata. Analipo a Chikopa, alonda a pafakitale ina, amene anali atangoika mwana wawo m'manda. Analipo dalaivala wa loleyo, Msena wamtali dzina lake Thomu. Analipo mwana wanga Yohane, mkazi wake Esinati, ndi kamwana kawo Tadala kali kumbuyo. Ndiye ndinalipo ine, Simoni Namakhwa, mkulu wa adzukulu okumba manda m'dera lonselo, amene anthu ankanditcha a Chimkuza chifukwa cha mawu angawa.

Sukulu ndinalekera Sabu B. Dzanja langali linakulira pa piki, ndiye ngati zilembo zikupendekeka, pirirani. Koma nkhaniyi sindikufuna andilembere wina, angandichotsemo.

Chinali chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa bwino ndithu, ndipo tonse tinathamangira kuphiri ndi makasu. Mukudziwa, matipate atabwera mitengo ya m'phiri la Ndirande inatha ngati mutu wometedwa ndi lumo, aliyense anadzidulira kamunda. Kanga kanali tsidya la mtsinje, pansi pa thanthwe lalikulu. Tinadzala mitima ili m'mwamba, chifukwa chaka chapitacho tinakolola zochepa, ndipo abale a kumudzi amene ankatitumizira matumba pa basi anali atayamba kutumiza moni yekha. Feteleza tinangomuona m'sitolo. Ine ndinathira manyowa a nkhuku, phando lililonse kadzanja kamodzi.

Ntchito ya kunjanji ku Limbe ndinali nditapuma kale. Imene inatsala inali ya maliro. Kwathu kunalibe foni kapena belu, ndiye kukagwa zovuta ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa msika m'mamawa n'kulengeza, ndipo ankamva mpaka tsidya, agalu n'kuyamba kuuwa. Mapiki, mafosholo ndi zingwe zotsitsira bokosi zinkasungidwa kwanga, kuseri kwa chitseko. Sindikudzitama, koma palibe maliro amene anachedwa m'manja mwanga.

Yohane mawu angawa ankachita nawo manyazi kuyambira ali mwana. Iyeyo polankhula amachita ngati akupempha mchere kwa apongozi. "Ababa, tsitsani pang'ono, anthu akutiyang'ana." Zimenezo ankandiuza m'basi, kutchalitchi, ngakhale m'nyumba mwanga momwe. Mwezi umenewo ntchito inamuthera pafakitale ina ku Makata pamodzi ndi anzake, ndiye anabwera kudzakhala m'kanyumba ka kuseri kwanga ndi mkazi ndi mwana.

Pakati pa ife ndi msewu waukulu wopita ku Chirimba pali kamtsinje kotsika m'phirimo, ndipo pamenepo panali mlatho wa matabwa. Zonse zimene tinkakhalira moyo zinkadutsa pamenepo. Maminibasi, lole yobweretsa chimanga kudepoti ya boma imene inali mbali yathu, paipi ya madzi yomangiriridwa kunsi kwake, ndi pholo la magetsi a kuchigayo litaima m'mphepete. Koma ndani ankauganizira mlathowo? Tinkangopondapo n'kumalavulira m'madzi.

Disembala

Dzuwa linabwera ngati latumidwa. Chimanga chinafika m'mawondo n'kupota masamba ngati anyezi. Ena anadzalanso kachiwiri, mbewu n'kupsera m'nthaka. Ine ndinkapita kumunda kukangoima, kuyang'ana kumwamba, n'kubwerako khasu lili loyera.

Pamsika zinthu zinkakwera munthu uli pomwepo. Ankati kwacha yagwa mphamvu. Ine sindinaione ikugwa, ndinangoona kuti ogulitsa ufa ayamba kugogoda kunsi kwa mbale yoyezera ndi mwala kuti ilowe m'kati. Mbale yomweyo, mtengo wokwera, ufa wochepa. A Chikopa anasinthitsa wailesi yawo ndi ndowa ya makaka, chinangwa chouma chija. Ena anatumiza ana kumudzi ku Phalombe, kumudziko n'kuwabweza pa basi yotsatira.

Chimene chinatisunga ndi depoti. Chimanga chinkachokera kunja, chachikasu, pa sitima ya pamadzi, kenako pa sitima ya pamtunda mpaka ku Limbe, ndiye lole n'kutibweretsera. Njanji imeneyo ndinaigwirapo ine ndi manja angawa, ndiye ndikaona matumba akutsika ndinkauza aliyense pamzere kuti, "Mukudya thukuta langa." Ankagulitsa kandowa kamodzi pa munthu, osapitirira, ndiye banja lililonse linkaimika pamzere aliyense wokhoza kuima.

Kunamveka mphekesera yakuti chimanga chachikasucho ndi cha ng'ombe za azungu, ndipo chimapha mphamvu za abambo m'nyumba. A Makwinja anaseka pamzere pomwepo.

"Mphamvu zake ziti, achimwene? Ine masiku ano akazi anga akandikhudza ndimayesa andibweretsera mbatata."

Amayi anabisa nkhope m'zitenje, koma palibe amene anachoka pamzere. Khirisimasi tinadyera khwanya ndi ufa wachikasuwo, ndipo tinathokoza.

Januwale

Mvula inabwera tsiku lina masana, yonse imene inatimana ija n'kugwa kamodzi. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Anatsika ofiira, akugubuduza miyala ikuluikulu imene inkagundana ngati mabingu, ndipo pofika madzulo mlatho kunalibe. Unapita ndi paipi yomwe, pholo la magetsi n'kugona m'matope.

Apa ndi pamene tinadziwa chimene tinkapondapo chija. Maminibasi anayamba kutembenukira tsidya. Mpopi unauma, amayi n'kumatunga madzi amatope a mumtsinje, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Chigayo chinakhala chete, ndipo mitondo imene nkhuku zinkaikiramo mazira inatulukanso panja. Lole ya chimanga inabwera, inaima tsidya, n'kubwerera. Tinapempha kuti azitsitsira komweko ife tiziwolotsa pamutu, koma anati thumba la boma silitsikira patchire, limatsikira m'depoti, pasikelo. Kalaliki wa padepotipo anakhoma loko pachitseko, akuti chimanga chathu azikagulitsira ku Chirimba.

Ku Chirimbako kunali kale eni ake, kuphatikiza a ku Kameza ndi a ku Ndirande. Ukawoloka mtsinje ndi kuyenda mtunda wonsewo, unkapeza mzere wafika kumsewu, ndipo kawirikawiri chinkatha usanaione sikelo.

Anyamata ena anapezerapo geni. Ankaima pamadzi n'kumabereka anthu opita kuntchito kuti asanyowetse mabuluku, wina aliyense ndi mtengo wake malinga ndi thupi. Mkulu wawo anali Dayisoni, mnyamata wa miyendo ngati mizati. Ndinamuona ndi maso anga atabereka a Mkandawire, tayi ili pakhosi, nsapato zili m'manja, iwo akuti, "Pang'onopang'ono, mnyamata, ine ndine katundu wa boma."

A za misewu anabwera, sindiwanamizira. Anayeza ndi tepi n'kunena kuti milatho yagwa yambiri mumzinda, wathu udikire mvula ithe. A madzi anati paipi alibe poimangirira. A magetsi anati galimoto yawo yonyamula pholo siuluka. Onse ankanena zoona. Zonse zinkadikira mlatho.

Ndinakwera pachulu n'kuitanitsa msonkhano. Atamva kuti si maliro, anabwera anthu owerengeka. Nditangonena kuti timange tokha, Dayisoni anayankha ali kumbuyo.

"Madala, imeneyo ndi ntchito ya thangata. Zogwira ulere zinatha ndi chipani chimodzi. Tinavota kuti boma lizigwira ntchito, ife tizionerera."

Anzake anawomba m'manja, msonkhano n'kuthera pomwepo.

Kunyumba ndinamupeza Yohane atakhala pakhonde, akusoka kathumba kake kopita nako kudepoti.

"Nawenso ukuti thangata?"

"Ababa, tsitsani mawu, mwana wagona."

"Ndikukufunsa."

"Inu mwaiwala mmene ankatitulutsira m'kalasi kukasenza miyala yaulere, wokana n'kumukwapula? Chipsera chili pamsanachi ndi cha mlatho wa eni ake. Ndagwira ntchito ku Makata, yatha, ndatuluka ndi malaya okha. Tsopano ndikagwirenso yaulere m'mimba muli mphepo? Ine ndizipita ku Chirimba. Bola kumeneko mwina ndibwerako ndi kanthu."

Chipseracho ndinkachidziwa, amene anachithira mankhwala ndine.

Febuluwale

Mwezi uwu sindiukonda mpaka lero. Madeya amene tinkapatsa nkhuku anasanduka chakudya cha anthu, nawonso n'kumayezedwa pa mbale yogogoda ija. Tinkadya nthochi zaziwisi zophika, nkhwani yopanda nsinjiro, tsiku lina madzi okha. Kumunda chimanga chimene chinapulumuka chinali chitatsitsimuka, chobiriwira bwino, koma masamba a chimanga sadyedwa. A Mkandawire analandira thumba kuchokera ku Rumphi pa basi, ndipo akazi awo anagawira nyumba zoyandikana kambale kambale mpaka linatha. Mulungu awakumbukire mayi amenewo.

Yohane ankalawira ku Chirimba tsiku lililonse. Tsiku lina ankabwera ndi kanthu pansi pa thumba, masiku ambiri thumba lili lopinda m'khwapa. Esinati mkaka unauma. Tadala, amene anali atayamba kuyenda chogwira khoma, anasiya. Tsitsi linafiira, timiyendo n'kutupa, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Kuchipatala anati mwanayu mankhwala ake ndi phala, kangapo patsiku. Phala lake liti? Ine ndakumba manda ambiri, ndimadziwa maonekedwe a mwana amene wayamba ulendo. Ndinkamuyang'ana Tadala ali pamkeka, maso anga n'kumamuyeza kutalika ine osafuna.

Amene anatsogola ndi mwana wa a Chikopa, msinkhu umodzi ndi Tadala. Ndinalengeza pachulu, ndipo anabwera onse, ndi anyamata okana thangata aja omwe. Kabokosi kanachokera tsidya, Dayisoni anakawolotsa pamutu madzi ali m'chiuno, ndipo tsiku limenelo sanatchule mtengo. Mwambo wathu ndi wakuti adzukulu amaphikiridwa, koma kwa a Chikopa kunalibe ngakhale kaufa kopaka m'kamwa. Anyamata anakumba ndi njala, dothi lolimba la miyala, palibe amene anadandaula.

Tikaika maliro sitipita kunyumba ndi dothi la kumanda. Timatsikira kumtsinje kukatsuka mapiki, mafosholo ndi miyendo. Malo otsukirawo anali pomwe panali mlatho paja. Ndiye anali onse pamenepo, amuna a dera lonse, zida zili m'manja, zipilala zogumuka zili patsogolo pawo. Ndinakwera pamwala.

"Anyamata, wakulipirani ndani lero?"

Onse anangopitiriza kutsuka zida.

"Ndikufunsa. Mwakumba chiyambire m'mawa, mwadya chiyani? Iwe Dayisoni, boma lakupatsa chiyani?"

"Maliro ndi maliro, madala," anatero, maso ali pansi.

"Eya. Ndiye konzekani, chifukwa mwezi uno tikumba ambiri. Kwanga kuli kamwana, mukukadziwa nonse. Kakapita mudzabwera, mudzakumba ulere, ine sindidzagwira piki chifukwa mwini maliro sakumba. Ndiye ine ndikuti, dzenje limene mudzandikumbire tsiku limenelo, ndikumbireni lero, pano, tiikemo chipilala."

Mkulu wina wa mpingo anapukusa mutu.

"A Namakhwa, mapiki a kumanda sagwira ntchito ina. Mlatho wokumbidwa ndi zida zimenezi udzadya anthu."

Zimenezo ndi mwambo ndithu, ndipo amene ankausunga ndine. Munthu akabwera kudzabwereka piki yokumbira chimbudzi ndinkamuthamangitsa mpaka kumsewu. Koma m'dera lonse munalibe mapiki ena, ndipo makasu sakanautha mwala umenewo. Pomwepo a Chikopa, amene anatitsatira kumtsinjeko osalankhula ndi munthu, anatola piki imene inakumbira mwana wawo, anatsikira m'mphepete mwa madzi, n'kuyamba kukumba. Anthu anayang'anana. Kwathu munthu wofedwa sumuonerera akugwira ntchito yekha. Mmodzimmodzi anatola zida.

Ntchito inatenga masabata, ndipo apa ndiyamike anthu. A Mkandawire anaimba foni kuofesi kwawo nthawi ya nkhomaliro, kuimbira a kunjanji ku Limbe, kutchula dzina langa, ndipo akuluakulu a kumeneko anatipatsa njanji zakutha zimene zinkachita dzimbiri m'udzu. Madzulo anabwera akumwetulira.

"Adada, akukukumbukani. Akuti, kodi ndi mkulu waphokoso uja? Akuti mukanangoima pachulu n'kupempha, akanamva osafuna foni."

Anaimbiranso a za misewu, ndipo iwo atamva kuti anthu ayamba okha anatumiza kapitawo ndi simenti ndi matabwa. Ine foni ndinkaiyesa chidole cha mabwana, koma chaka chimenecho ndinaivulira chipewa. Ulendo umene ukanandithera nsapato ndi masiku, iwo ankautha atakhala pampando.

Kapitawoyo atafika anaima pamwamba pa dzenje loyamba n'kugwira m'chiuno. Anyamata anga, poti manja anazolowera, anali atakumba lalitali, lopapatiza, makona ali bwinobwino, kumutu kuli kumadzulo.

"Akuluakulu, ine ndabwera ndi simenti, sindinabwere ndi mtembo. Likulitseni m'mbali."

Tinaseka koyamba mwezi wonsewo, ndi a Chikopa omwe.

A Makwinja ankaboola zitsulo ku Makata akaweruka, n'kubwera nazo panjinga pamodzi ndi mabawuti. Amayi ankasenza miyala ndi mchenga, ana ali kumbuyo. Njanji zitafika tsidya pa thirakitala ya mpingo, tinazikoka ndi zingwe zotsitsira bokosi, chifukwa zina kunalibe. Njanji ndi yolemera, ndipo anthu anjala sangaisunthe aliyense akukoka nthawi yake. Pamafunika mawu amodzi owauza pokokera, monga tinkachitira kunjanji. Mawu amenewo anali anga. Ndinkafuula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pamwamba pa mkokomo wa madzi, m'mimba muli madeya okha.

Yohane sanagwire nawo. Ankawolokera cha kumunsi, buluku atapinda, kathumba kali paphewa, osayang'ana kumene tinali. Anthu ankandikodola, "Mwana wanu uyo." Ine ndinkati, "Akukasaka phala la mwana wake, musiyeni." Koma mumtima zinkandiwawa.

Malichi

Mlatho unatha chimanga cha kumunda chitangoyamba kumasula. Matabwa anali ochepa, ndiye kapitawo anati tiyale mizere iwiri yokha, wina wa matayala a kumanja, wina wa kumanzere, pakati madzi akuoneka. A Mkandawire anaimbira a kudepoti yaikulu, ndipo anavomera kutumiza lole imodzi kuti ayese. Ikawoloka, depoti yathu itsegulidwa. Ikalephera, tidikire chilimwe. Tadala sakanafika chilimwe, pamenepo anali atasiya ngakhale kulira.

M'mawa wa tsiku limenelo ndinadzuka ndikuti ndiitane Esinati andipatse madzi, pakamwa panatuluka mpweya wokha. Mawu anali atatha. Ndinamwa madzi otentha a mandimu, ndinatafuna jinja, palibe. Ine a Chimkuza, kunong'ona ngati mbala.

Lole inafika chakumasana itadzaza mpaka pamwamba. Anthu anali mbali zonse ziwiri ndi timatumba ndi ndowa. Yohane sanapite ku Chirimba tsiku limenelo, anaima mbali yathu ndi Esinati, Tadala ali kumbuyo mutu uli lende.

Thomu anatsika, anayenda pamlathopo, anadumphadumpha pamatabwa, anasuzumira kunsi. Anali atagwira kale chitseko kuti akwere pamene mayi wina wogulitsa tomato, wa pakamwa posatseka, anamufunira mafuno abwino.

"Ndiye muyende bwino, achimwene, paja anakumbira mapiki a kumanda."

Thomu anasiya chitseko.

"Mwati chiyani, mayi?"

"Ndi zingwe za bokosi zomwe."

"Ndiye ine ndikhale woyamba kuikidwa? Pepani akuluakulu, ndili ndi ana ku Nsanje. Ndikubwerera."

A Mkandawire anayesa Chizungu, a Makwinja analumbirira mabawuti awo limodzilimodzi. Ine ndinkangotsegula pakamwa ngati nsomba. Amene anamugwira mtima ndi a Chikopa. Anazungulira, anakwera kutsogolo kwa lole, n'kukhala pampando wa pambali manja ali pamawondo.

"Ine ndaika kale mwana, achimwene. Ngati mlathowu ukufuna munthu, uyambe ndi ine. Tiyeni."

Thomu anawayang'ana, anavula kapusi n'kupukuta thukuta.

"Chabwino. Koma ndikakhala m'mwambamu matayala sindiwaona. Pakhale munthu mmodzi kutsogolo wondiuza. Mmodzi, osati msika wonse."

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndani winanso? Ndinawoloka n'kukaima kumapeto kwa mlatho, mbali yathu, ndikuti manja andithandiza. Lole inalira, injini yakale ya dizilo, phokoso ngati zigayo ziwiri. Matayala akutsogolo anakwera pamatabwa, njanji zinadandaula koma zinagwira. Ndinkakodola ndi manja, iye n'kumabwera. Pofika pakati ndinagwada kuti ndione kunsi, ndipo ndinaona tayala lakumbuyo la kumanzere likutsetserekera kunja. Matope a m'tayala ankaterera pathabwa, theka linali kale m'malere. Pamenepo Thomu manja anga sankawaonanso, mphuno ya lole inali itanditchinga. Ndinafuula. Palibe chinatuluka. Anthu anayamba kukuwa aliyense zake, wina kumanja, wina kumanzere, wina bwererani, zonse n'kumira m'phokoso la injini, lole ikubwerabe.

Ndiye kumbuyo kwanga kunaphulika mawu.

"Imani!"

Lole inaima pomwepo. Agalu a kumsika anayamba kuuwa. Ndinacheuka kuti ndione amene wandibera mawu, ndipo anali Yohane, kathumba atataya pansi, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Anagwada pambali panga m'matope momwemo.

"Ababa, ndiuzeni, ine ndinena."

Ndinkamunong'oneza m'khutu, iye n'kumaponya.

"Bwererani pang'ono! Basi! Pindirani kumanja! Bwerani tsopano, pang'onopang'ono, bwerani!"

Anthu onse anakhala chete mbali zonse ziwiri. Mawu ake anali anga enieni, a pachulu paja, mwina kuposa. Zaka zonsezi mwanayu anangowabisa m'mimba.

Tayala linabwerera pathabwa. Lole inakwawa ngati nkhono, ife n'kumasendera m'mbuyo ndi mawondo, kenako matayala akumbuyo anagunda dothi la mbali yathu. Amayi analulutira. A Chikopa anatsika n'kukhala pansi. Thomu anatulutsa mutu pawindo.

"Mwana wa ndani ameneyu? Wandiboola khutu."

Ndinadzimenya pachifuwa, poti kunena sindikanatha.

Kalaliki wa padepoti uja anatsegula loko. Madzulo amenewo Esinati anasinja mumtondo n'kuphika phala lachikasu, ndipo Tadala anameza masipuni angapo. Mawa lake anamezanso, mkucha wake analira kufuna lina, ndipo kulira kumeneko kunandikomera kuposa kwaya. Pasanapite nthawi galimoto ya magetsi inawoloka ndi pholo, chigayo chinalira. A madzi anamangirira paipi kunsi kwa njanji zanga, mpopi unatsokomola n'kutulutsa madzi oyera. Maminibasi anabwerera, makondakitala akukuwa ngati sanachokepo, ndipo mmodzi wa iwo anali Dayisoni, poti geni yobereka anthu inali itagwa. Mwezi umenewo tinakumbabe manda, sindinama. Koma a Tadala sitinakumbe.

Meyi

Zokolola zinali zochepa, chimanga chake chachifupi ngati dzanja la mwana, koma chinali chathu. Mitengo pamsika inatsikako, mbale zogogoda zija zinasowa. Pamlatho panayamba kudutsa malole a njerwa ndi a mchenga, anthu n'kumamanga nyumba mbali yathu. A Makwinja anatsegula kashopu kowotcherera pafupi ndi chigayo, magetsi a pholo lomwe lija. Thomu anamutenga Yohane kuti azimuthandiza pa lole, akuti munthu wa khosi lotere sangasowe ntchito.

Mapiki aja abusa anawapempherera, anabwerera kuseri kwa chitseko changa, ndipo wofuna kukumbira chimbudzi ndimamuthamangitsabe. Mlathowo sunadye munthu. Patapita zaka boma linamanga wa simenti, tinathokoza, koma njanji imodzi anaisiya pambali chifukwa paipi ikadali pomwepo. Mukadzadutsa mudzasuzumire, mudzaiona.

Tsiku lomaliza kukolola tinkachokera kumunda ine ndi Yohane, iye akukankha wilibala ya chimanga, ine nditanyamula Tadala paphewa, akundikoka makutu, tsitsi litayambanso kuda. Mawu anga anali atabwerera onse. Titafika pakati pa mlatho ndinaima n'kuponda thabwa mwamphamvu.

"Iwe Yohane, wilibala yakoyo ikuyenda pa chiyani? Si za thangata izi?"

Amayi amene ankachapa kumunsi anadzutsa mitu n'kuyamba kuseka. Yohane anatula wilibala, anayang'ana amayiwo, anayang'ana ine, n'kulankhula ndi timawu take tija topempha mchere.

"Ababa, tsitsani pang'ono, anthu akutiyang'ana. Mawu anu aja ndinangobwereka tsiku limodzi, ndakubwezerani, amapweteka pakhosi. Koma tsiku lina paipi ikadzaphulika kapena thabwa likadzathyoka apa, musadzavutike kukwera pachulu. Mudzangogogoda pachitseko changa."